Khansa ya Kumtundu: Kodi M'bale Wathu Timukakamize Kuyezetsa?

Mwezi wathawu ndinali kumudzi ku Kachebere, kumaliro a mayi wina amene ankaimba kwaya limodzi ndi mayi anga. Anamwalira ndi khansa ya m'mawere asanakwanitse zaka 50. Akulu awo anamwaliranso ndi matenda omwewa zaka zingapo zapitazo, ndipo achikulire a m'mudzimo amakumbukira kuti mayi awo a awiriwa anali ndi bala la pabere limene silinapole. Pasiwa anthu ankanong'onezana monga mwa nthawi zonse. Ena ankati banjali analilodza, ena ankati pali chimene makolo analakwa kale.

Titaika maliro, mwana wamkazi wa malemuwo, wa zaka 26, anandikokera pambali. Wandilola kuti ndifotokoze nkhani yake, ndipo ndasintha zina kuti asadziwike. Mkulu wake, mwana wa malemu mayi ake aakulu aja, amagwira ntchito ku Johannesburg. Kumeneko anayezetsa magazi ndipo madokotala anamupeza ndi vuto lotengera kumtundu limene limachititsa kuti munthu adwale khansa ya m'mawere mosavuta. Iye analemba pa gulu la WhatsApp la banja lonse kuti akazi onse akayezetse, ndalama alipira yekha, ndipo anamaliza ndi mwambi woti safunsa anadya phula. Atsibweni awo, eni mbumba, anakaniratu: "Mukufuna dziko lonse lidziwe kuti ana anga asakwatiwe?" Mtsikanayu ali pa unkhoswe, ndipo ukwati wake ulengezedwa m'tchalitchi posachedwa. Funso lake linali lakuti: "A Katekisiti, kodi ndikakana kuyezetsa ndachimwa? Nanga ndikayezetsa n'kundipeza nalo, akuchimuna ndikawauze chiyani?"

Ndiulule kuti yankho linali litafika kale pakamwa panga: pita ukayezetse, kudziwa n'kwabwino. Ndinadziletsa nditaona kuti ndikufuna kuchita zomwezo zimene mkulu wake ndi atsibweni ake ankachita, zomusankhira. Ndikulemba nkhaniyi kwa inu Akhristu anzanga a m'tauni muno chifukwa ambiri tili ndi abale ku South Africa ndi ku Ulaya, ndipo ndife amene akumudzi amatiimbira foni kukagwa matenda. Funso ili lifika m'mabanja athu, mwinanso lafika kale.

Tiyambe tamvetsa chimene akuyezacho. Munthu woyamba kufotokoza bwino mmene ana amatengera zinthu kwa makolo anali wansembe wa chipani cha Augustino Woyera, Gregor Mendel, amene anachita kafukufuku wake pa nsawawa m'dimba la nyumba yawo ku Brno, ndipo anasindikiza zimene anapeza mu 1866. Lero tikudziwa kuti m'maselo a thupi lathu muli malangizo otchedwa majini. Awa si majini a ziwanda aja ayi, koma tizigawo ta DNA timene timauza thupi mmene likulire ndi mmene ligwirire ntchito. Jini iliyonse timakhala nayo iwiri, ina yochokera kwa mayi, ina kwa bambo. Mu 1994 asayansi anapeza jini yotchedwa BRCA1, ndipo mu 1995 anapeza BRCA2. Tonsefe tili nawo majini awiriwa, ndipo ntchito yawo ndi kukonza DNA ikaonongeka. Koma anthu ena amabadwa ndi imodzi yolakwika. Thupi lawo limakhala ngati nyumba imene mwa alonda ake awiri, mmodzi anabwera ali wodwala kale.

Kafukufuku amene anachitika makamaka ku America ndi ku Ulaya akuonetsa kuti mwa amayi 100 alionse, pafupifupi 13 amadzadwala khansa ya m'mawere pa moyo wawo. Mwa amayi 100 amene ali ndi BRCA1 yolakwika, odwala amakhala pakati pa 55 ndi 72, ndipo pafupifupi 40 amadwala khansa ya m'thumba la mazira. Mwana aliyense wa munthu wotereyu akhoza kutengera kapena ayi, mwayi wake ndi theka kwa theka, ngati kuponya khobidi m'mwamba. Apa pali mfundo imene ife Achewa tiyenera kuimvetsa bwino. Timawerenga mbumba potsata kuchikazi, pamene anzathu Angoni amatsata kuchimuna, koma jini silabadira zimenezo. Ikhoza kudzera mwa mayi kapena mwa bambo mofanana. Mwamuna amene ali nayo akhoza kupatsira ana ake aakazi, ndipo iyenso ali pa chiopsezo cha khansa ya prostate, ngakhalenso ya m'mawere.

Tisachite mantha mopyola muyeso. Mwa odwala khansa ya m'mawere 100, ndi 5 mpaka 10 okha amene matenda awo ndi a kumtundu. Khansa imene ikupha amayi ambiri m'Malawi muno, ya khomo la chiberekero, si ya kumtundu. Imayamba ndi kachilombo ka HPV, ndipo kuyambira mu 2019 boma likupereka katemera wake kwa atsikana. Khansa ya pakhungu ya Kaposi imayenda kwambiri ndi HIV. Madokotala amayamba kukayikira za kumtundu akaona abale angapo a mbali imodzi akudwala khansa yofanana, makamaka ali aang'ono, kapena mayi akadwala mawere onse awiri, kapena mwamuna akadwala khansa ya m'mawere. Banja la mtsikana uja lili m'gulu limeneli.

Tsopano tibwere ku funso lake. Kodi munthu ali ndi udindo wodziwa?

Mkulu wake wa ku Johannesburg ali ndi mfundo yolemera. Lamulo lachisanu silingotiletsa kupha, limatilamulanso kusamala moyo. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 2288, amatiphunzitsa kuti moyo ndi thanzi ndi mphatso zimene Mulungu anatisungitsa ndipo tiyenera kuzisamala mwanzeru. Khansa ya m'mawere ikapezeka msanga imachizika. Vuto lathu lalikulu kuno ndi lakuti amayi ambiri amafika kuchipatala matenda atafalikira kale. Mayi amene akudziwa kuti ali pa chiopsezo sangazengereze akamva kachotupa. Ndipo akayezetsa n'kupezeka kuti sanatengere vuto limene lili mwa mkulu wake, mtima umakhala pansi, ndi ana akenso sadzalitengera kwa iye. Ambiri a inu munamva za Angelina Jolie, katswiri wa mafilimu, amene mu 2013 anauza dziko lonse kuti anamupeza ndi BRCA1 yolakwika ndipo anachotsetsa mawere onse awiri asanadwale, mayi ake atamwalira ndi khansa mu 2007.

Koma mtsikana wa ku Kachebere si Angelina Jolie. Kudziwa kumathandiza pamene pali chimene ungachite nako. M'mayiko olemera mayi wopezeka ndi vutoli amajambulidwa chaka ndi chaka ndi makina a MRI kuyambira ali ndi zaka 25 kapena kuposerapo pang'ono. Kuchoka ku Mchinji kufika ku Kamuzu Central Hospital ndi ulendo wa makilomita oposa 100, ndipo thiransipoti yokha imalanda ndalama ya ufa. Munthu akhoza kupatsidwa pepala lonena kuti chiopsezo chake ndi chachikulu, n'kubwerera kumudzi wopanda womutsatira, atangosenza mantha okha.

Chinanso, mayankho a kuyezetsaku si awiri ayi, ndi atatu. Akhoza kupeza vuto, akhoza osalipeza, kapena akhoza kupeza kusintha kwina m'jini kumene iwo eni sadziwa ngati kuli koopsa. Yankho lachitatuli limatuluka kawirikawiri kwa ife anthu a mu Africa, chifukwa kafukufuku wambiri anachitika pa azungu ndipo majini athu sanafufuzidwe mokwanira. Kupezeka ndi vutoli sikutanthauza kuti udwala ndithu. Alipo amene amakalamba nalo osadwala. Kusapezeka nalo sikutanthauzanso kuti sudzadwala khansa. Umangofanana ndi mayi wina aliyense. N'chifukwa chake mu 1997 bungwe la UNESCO, m'chikalata chake cha majini a munthu ndi ufulu wachibadwidwe, linavomereza kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wosankha kuuzidwa kapena kusauzidwa zotsatira za kuyezedwa majini. Mpingo nawonso, pa nambala 1782 ya Katekisimu, umati munthu asakakamizidwe kuchita zosemphana ndi chikumbumtima chake, ndiponso asaletsedwe kuchitsata.

Nditasinkhasinkha, ndinafika pa mfundo iyi. Udindo umene Mulungu anatipatsa ndi wosamala moyo. Kuyezetsa majini ndi njira imodzi yochitira zimenezi, koma si yokhayo. Mtsikana amene wamvetsa bwino nkhani yonse, n'kunena kuti, "Pakadali pano sindiyezetsa, koma ndizidziyang'anira ndipo ndizipita kuchipatala kukapimidwa," sanachimwe. Amene wasankha kuyezetsa sanasowe chikhulupiriro. Cholakwika ndi kutseka maso, kunena kuti ndi ufiti basi, n'kumabisa chotupa mpaka chitaphulika. Cholakwika china ndi cha ife othandiza: kulanda chisankho m'manja mwa mwini thupi. Mkulu wake amamukonda, atsibweni ake amamukondanso, koma onse awiri anamusankhira. Wina anati uyezetse basi, wina anati usayerekeze. Palibe anamufunsa kuti iye akuopa chiyani.

Amalawi tili ndi sukulu imene tinaphunziramo kale zimenezi, ndiyo HIV. Amene muli aakulu mukukumbukira mmene anthu ankaopera kuyezetsa magazi boma lisanayambe kupereka ma ARV aulere mu 2004. Ankafunsa kuti, ndidziwirenji poti mankhwala kulibe? Tinaphunzira kuti munthu asanayezedwe ayenera kulandira uphungu, avomere yekha, zotsatira zake zisungidwe mwachinsinsi, ndipo akalandira yankho pakhale womuperekeza. Tinaphunziranso kuti anthu amabwera okha akaona kuti kuseri kwa yankho kuli thandizo. Nzeru zomwezo zikufunika pano. Kusiyana kwake ndi kwakuti HIV ikapezeka pali mankhwala oyamba tsiku lomwelo, pamene jini yolakwika si matenda ndipo ilibe mankhwala oichotsa. Ku South Africa kuli anthu amene amaphunzira ntchito ya uphungu wa majini pa mayunivesite a Witwatersrand ndi Cape Town. Kwathu kuno nthawi zambiri ntchitoyi igwera dokotala, namwino, ndi ife a m'banja ndi a mu Mphakati.

Nanga wothandiza achite chiyani? Ine sindine dokotala, ndipo sindinayese kukhala dokotala. Ndinakhala naye pansi n'kumufunsa mafunso amene iye angakawafunsenso kuchipatala. Ukufuna kudziwa chifukwa chiyani, ndipo ndi iwe ukufuna kapena ukuopa kukhumudwitsa amene akulipira? Akakupeza nalo, uchita chiyani mawa lake, ndipo udzapimidwa kuti, kangati, ndi ndalama za yani? Akapanda kukupeza nalo, udzamva bwanji pamaso pa mkulu wako amene ali nalo? Ukufuna ndani akhale nawe polandira yankho? Ndani ali ndi ufulu woona pepalalo? Ndinamuuzanso kuti nkhaniyi si ya changu ngati malungo. Jini imene wakhala nayo zaka 26 siisintha m'sabata ziwiri, ndipo munthu amene wangoika mayi ake m'manda sayenera kuumirizidwa kusankha misozi isanaume. Chimene sichidikira ndi chizindikiro: chotupa, kusintha kwa khungu la bere, kapena madzi ndi magazi otuluka kunsonga. Zimenezo n'zopita nazo kuchipatala sabata yomweyo.

Pali chovuta china chimene nzeru za kusukulu zokha sizingachithetse. Zotsatira za magazi a munthu mmodzi zimanena za banja lonse. Mkulu wake atayezetsa, anadziwa za iye mwini, koma anadziwanso kanthu kena ka abale ake amene sanamutume. Kodi akanangokhala chete? Ine ndikuti ayi. Ukaona njoka panjira imene m'bale wako adutse, umamuchenjeza. Anachita bwino kunena. Chimene chinalakwika ndi malo onenera. Nkhani yotere si ya pagulu la WhatsApp pamene pali alamu, adzukulu ndi ana asukulu. Ndi youza munthu payekha, modekha, motere: "Pali chimene madokotala andipeza nacho chokhudza banja lathu. Ukafuna kumva zambiri, ndili pano." Ukatero wamutsegulira khomo koma sunamukankhiremo. Ndipo ana aang'ono tisawayezetse vuto limene limayamba kuopsa munthu atakula. Madokotala amalangiza kudikira kuti adzasankhe okha akadzakwanitsa zaka 18.

Mantha a atsibweni aja tisawapeputse. Iwo akudziwa mmene mudzi umalankhulira. Taona zimene zimachitikira amayi obereka mwana wachialubino: ena amasiyidwa ukwati, kunenedwa kuti vuto ndi lawo, chonsecho mwana amabadwa wachialubino pokhapokha mayi ndi bambo onse awiri akamupatsa jini imeneyo. Ngati takhala tikuweruza amayi molakwa chonchi pa chinthu chooneka ndi maso, tidzatani ndi pepala la kulabotale? Mu Uthenga Wabwino wa Yohane mutu 9, ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafuna kudziwa amene anachimwa, iyeyo kapena makolo ake. Ambuye Yesu anakana zonse ziwiri, ndipo m'malo mofufuza wolakwa anamuchiritsa. Palibe amene anasankha majini ake. Agogo aja sanalodze mbumba yawo, nawonso analandira. Aliyense wa ife, ngakhale amene akuloza chala, ali ndi majini ena olakwika amene sakuwadziwa. Ngati Mphakati wathu ndi malo amene nkhani yotere ingasanduke miseche, ndiye kuti atsibweni aja akunena zoona, ndipo olapa ndife.

Za ukwati ndinamuyankha mosabisa. M'malamulo a Mpingo, kukhala ndi jini yotereyi si choletsa ukwati. Koma Mpingo umadana ndi chinyengo pa ukwati. Kanoni 1098 imanena za munthu amene wanamizidwa dala pa chinthu chachikulu n'cholinga choti avomere kukwatira. Kuposa lamulo, pali chikondi chenicheni. Mnyamatayo akudziwa kale kuti apongozi ake amwalira ndi khansa, analipo pamaliro. Ndinamulangiza kuti akambirane naye iye yekha, asanayezetse n'komwe, chifukwa chisankhochi chikhudza ana awo. Akuchimuna onse sayenera kudziwa. Woyenera kudziwa ndi amene adzalonjeze pa guwa kukhala naye pa mtendere ndi pa mavuto. Mwamuna amene angathawe chifukwa cha matenda amene mwina sadzabwera, ndi bwino adziwike lero.

Anandifunsanso za opaleshoni yochotsa mawere kapena thumba la mazira munthu asanadwale, ngati si tchimo. Katekisimu pa nambala 2297 amaletsa kudula chiwalo kapena kutseka kubereka popanda chifukwa chenicheni cha chithandizo cha kuchipatala. Akatswiri ambiri a zamakhalidwe mu Mpingo amaona kuti pamene chiopsezo chatsimikizika kuti ndi chachikulu, ndipo cholinga ndi kupulumutsa moyo osati kupewa ana, opaleshoniyi ndi yololedwa. Koma kuloledwa si kulamulidwa. Ndi nkhani yoti mayi akambirane ndi dokotala, mwamuna wake ndi wansembe, pa nthawi yake, ndipo kawirikawiri thumba la mazira amachotsa mayi atamaliza kubereka.

Ambiri a ife sitidzakhala ndi ndalama zotumizira magazi kunja. Komabe pali kuyezetsa kumodzi kwaulere kumene banja lililonse lingachite: kufunsa achikulire akadali moyo. Ndani anadwala khansa kuchikazi ndi kuchimuna? Ya pati? Ali ndi zaka zingati? Lembani m'kope, ndipo mukapita kuchipatala muuzeni dokotala. Tili ndi chizolowezi chonena kuti malemu "anadwala nthawi yaitali" n'kusiyira pomwepo. Ulemu umenewu nthawi zina umabisira ana athu chinthu chimene chikanawapulumutsa. Amayi a bungwe la Amayi Akatolika, limbikitsanani kupimitsa mawere ndi khomo la chiberekero, ndipo atsikana athu alandire katemera wa HPV. Abambo, perekezani akazi anu, ndipo funsaninso za mbali yanu. Ife a m'tauni, tikalonjeza kulipira kuyezetsa, tilonjezenso thiransipoti ya chaka chamawa ndi chinacho, ndi mphasa yogonapo m'bale wathu akabwera ku Central.

Mtsikana uja sanayezetsebe, ndipo sanakane. Anakhala pansi ndi agogo ena a m'mudzimo n'kulemba mayina a onse amene anadwala. Anapita kukapimitsa mawere ndipo sanamupeze ndi chotupa. Analankhula ndi bwenzi lake. Zimene anakambirana ndi zawo. Anaimbira mkulu wake kumuthokoza ndi kumupempha kuti amupatse nthawi mpaka ukwati udutse, ndipo atsibweni ake anawauza mwaulemu kuti akadzasankha, adzawadziwitsa. Sabata yatha ananditumizira uthenga wofunsa ngati ndingadzamuperekeze tsiku limene angadzaganize zopita. Ndinamuyankha kuti ndidzapita naye, ndipo akadzafika pakhomo la chipatala n'kusintha maganizo, ndidzabwerera naye.

Pa Misa ya lero timupempherere iye, mkulu wake, ndi mabanja onse amene akulira abale awo chifukwa cha khansa. Mzimu wa mayi ake, ndi mizimu ya onse amene anatisiya, iuse mu mtendere.